Wogwira Makwerero

Woyamba kuona zachilendozo anali wometa tsitsi. Potsegula m'mawa, anapeza chikwangwani chake, chomwe chinali chitafufutika ndi dzuwa, chikunyezimira penti yosauma. Zilembozo zinali zonenepa, zopendekeka pang'ono, michira yake yothera m'timizeremizere ngati yakandidwa ndi chipeso. Msewu wonse unkalidziwa dzanja limenelo. Linali la Achikwangwani, mkulu amene ankalemba ndi burashi yonyankhalala, osabwereza pamene wadutsa kale. Ankati chilembo chosalala n'cha muofesi, cha mumsewu chimayenera kukuwa.

Koma Achikwangwaniwo anali chigonere ndi matenda ofa ziwalo, dzanja lamanja lili lende, pakamwa posatuluka mawu.

Kenako chinalembedwa cha telala, kenako cha wosoka nsapato. Mlonda wa golosale ankalumbira kuti usiku amamva kuti kwee, kwee pa malata, penti n'kumanunkha, munthu osaoneka. Anthu omwewo amene kale ankachita kuwanyengerera Achikwangwani kuti awalembere anayamba kulambalala khomo lawo. Mwini nyumba imene ankachita lendi ananena poyera kuti iye sasunga mfiti: akapanda kupezeka wochita masewerawa, banjalo lisamuke.

Mwana wamkazi wa Achikwangwani zinamuwawa kwambiri. Munthu wolephera kunyamula kapu angakwere pakhoma? Anatsimikiza mtima kuti pali wina akutsanzira dzanja la bambo ake, ndipo amugwira.

Usiku umenewo sanagone. Magetsi anali atazima, kunja kuli bii, ngakhale agalu ali chete. Anasuzumira kuchipinda. Bambo ake anali gone chagada, akupuma pang'onopang'ono, koma malo a amayi ake pabedi panalibe munthu. Anatuluka, n'kumva kuti kwee, kwee chapatali, ndipo anatsatira kaphokosoko mpaka pa shopu ya wokonza mawotchi. Pamenepo anapeza amayi ake atagwira makwerero ndi manja awiri.

"Amayi! Ndinu? Mwaphunzira liti kulemba?"

"Tsitsa mawu iwe," ananong'ona. "Ine kulemba? Ndi dzina langa lomwe limandikanika. Yanga ntchito ndi makwerero, ngati kale."

Mtsikanayo anakweza maso. Pamwamba panalibe aliyense. Koma thabwa lopondapo linalira ngati munthu wasuntha phazi, ndipo pa lata mzere wakuda unkatsika wokha, mosafulumira.

"Tsiku lonse bambo ako amangoyang'ana pawindo zilembo zawo zikufufutika, misozi ili chuchuchu," anatero amayiwo. "Ndiwakanize bwanji? Usawaitane, mwanangu, angagwe."

Anaganiza za mwini nyumba, anaganiza za bedi la bambo ake litatulutsidwa panja anthu akuonerera. Makwerero anapendekeka pang'ono, ndipo anaona kuti mikono ya amayi ake ikunjenjemera ndi kutopa. Chisoni chinaposa mantha. Anasendera pafupi n'kugwira mbali inayo, ndipo anamva kulemera kwa munthu.

"Atithamangitsatu, amayi."

"Ndikudziwa. Gwiritsa."