Mtanda wonyowa wa kwa Kalembo

Izi sindinazitole kumowa ayi. Anandiuza ndi bambo anga, a Blasius, amene anali kalipentala, ndipo mayi Lukiya eniakewo anandivomereza atakalamba.

Chinali chaka cha njala, 1949, mvula itakana. A Mohamedi, ogulitsa nsalu kwa Kalembo, anaitana bambo kuti akakonze mtanda wa nyumba yawo ya malata. Mtandawo unali utawola, ukudontha madzi. Tangoganizani, kudontha, zitsime zonse zitaphwa!

A Mohamedi anali atampeza kale wolakwa.

"Ndi mkazi wangayu," anatero motsitsa mawu. "Akumathira mankhwala pamwambapa ndikachoka. Mukamaliza ntchito, azipita kwawo."

Mayi Lukiya, akazi awowo, anamva. Anangopitiriza kupeta madeya pakhonde.

Bambo anakwera. Malata analibe bowo. Mapaso anali ouma gwa, chiswe panalibe. Koma pa mtandapo tchizulo inkangolowa ngati m'papaya. Ndiye fungo! Osati la nkhungu ayi, koma lozizira, lobaya m'mphuno.

Anachirikiza denga ndi mizati, nazula misomali, natsitsa mtandawo. Atautembenuza anaona kuti sunali mtanda weniweni. Linali thabwa lalitali, lochindikala, losalala mbali imodzi, lokhala ndi kangalande pakati.

"Anakuikirani ndani ili?" bambo anafunsa.

"Wadson, mmisiri woyamba uja. Mkhristu mnzanu. Komwe analitenga sindinafunse."

Mayi Lukiya anasendera, nanunkhiza, n'kugwira pakamwa. Iwowa ndiwo ankasambitsa maliro a akazi pamudzipo.

"Kafuri," ananong'ona. "Timathira m'madzi osambitsira akufa. Ili ndi thabwa losambitsirapo maliro."

Zinadziwika kuti Wadson analitola kuseri kwa mzikiti, akuliyesa thabwa lotayidwa. Thabwalo linabwezedwa kumzikiti tsiku lomwelo. Bambo anasema mtanda wa mlombwa wouma bwino, naukhoma. Pepani sanatuluke pakamwa pa a Mohamedi, koma zothamangitsa mkazi anazisiya kaye.

M'mawa mwake bambo anabwerera kukachotsa mizati ija. M'nyumba munali zii.

Tho.

Anaima.

Tho. Tho.

Mtanda watsopano uja. Wonyowa. Fungo lomwe lija.

Madzi anali atalemba mzere pamphasa, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, mbali ya a Mohamedi yokha. Mbali ya mayi Lukiya inali youma.

"Mwaona?" a Mohamedi anatero. "Mbali yake youma! Mukufunanso umboni wanji?"

"Iyayi, bambo, taganizani kaye," bambo anachonderera. Koma munthu wamantha samva.

Mayi Lukiya anamanga kamtolo kawo. Podutsa pafupi ndi bambo anaima, misozi ili mbwembwembwe.

"Madziwo si anga, a Blasius," anatero. "Amuna angawa akuwasambitsiratu."

Nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa mayi aja anayenda ndi njala mpaka kwawo kwa Kawinga, atachimwa chiyani?

A Mohamedi sanadwale. Chakudya anali nacho. Koma mvula isanagwe, anawapeza atauma pamphasa paja. Anawasambitsira pa thabwa lomwe lija, poti pamzikitipo panalibe lina.

Pochokera kumanda bambo analowa m'nyumbamo, nagwira mtandawo. Wouma gwa.

Ena kwa Kalembo mpaka lero amati ndi Lukiya. Bambo ankangoyankha kuti mkaziyo anali atapita kalekale, koma madzi anadonthabe mpaka tsiku la maliro.