Dzina Limene Pavithran Anakana Kuitana

Madzulo a tsikulo panalibe chachilendo. Mvula inali itangokata, achule ayamba phokoso lawo m'minda ya mpunga, ndipo anthu ankalowa pang'onopang'ono m'nyumba yakale yoombera nsalu kuseri kwa tauni ya Payyanur, ena akumalizitsa nthochi zokazinga pakhomo. M'menemo ndi mmene gulu la Pavithran linkaonetsera gule wake watsopano.

Pavithran ndi mng'ono wake Bineesh anabadwira m'banja la ovina. Malemu bambo awo ankavina milungu kukachisi wa kumudzi, nkhope itapakidwa utoto wofiira, chisoti chachitali chili pamutu. Pavithran ndiye anatenga zimenezo n'kuzikweza pansanja. Anaikamo magetsi, utsi, ndi zithunzi zoyenda pansalu yaikulu kumbuyo kwa wovina. Nthano yake inali ya mkazi amene alongo ake anamuponya m'chitsime, n'kutulukamo ali mulungu, moto uli pamutu. Guleyo anamukonzera thupi lake lomwe. Koma anagwa pa njinga yamoto, bondo linaphwanyika, ndiye mbali ya mkaziyo inapita kwa Bineesh. Kuyambira pamenepo Pavithran akamuona mng'ono wake, mtima unkachita kuwawa.

M'banja mwawo munali mwambo umodzi umene bambo awo sankachita nawo masewera. Amene wamanga chisoti pamutu pa wovina n'kumuonetsa kalilole, ndi yemweyo ayenera kumasula, ndipo pomasulapo amuitane dzina lake kuti abwerere. Ankati wovina akadziona pakalilole amatuluka, m'thupimo mumalowa wina. Kwa atolankhani Pavithran ankati zimenezo n'zakale, ife tikuchita luso chabe. Koma mfundo ankamanga zomwezo za bambo ake, ndipo usiku uliwonse gule akatha ankamasula yekha, n'kunong'ona dzinalo m'khutu mwa mng'ono wake.

Tsikulo, ali kuchipinda chovalira, anali atangomva nkhani. Alendo ochokera ku Delhi anali ataitana Bineesh kuti akavine kumeneko. Bineesh yekha.

"Ndamva kuti ukupita ku Delhi," anatero Pavithran, akukoka chingwe cha chisoti.

"Ndimati ndikuuzeni tikamaliza, Etta." Umu ndi mmene Bineesh ankaitanira mkulu wakeyo kuyambira ali mwana.

"Tikamaliza. Gule wanga, nthano yanga, bondo langa, ndiye sitima ukwere iwe."

"Si ine ndawapempha. Etta, mwamanga kwambiri, chikundipweteka."

"Chikupweteke. Akakumasula a ku Delhi."

Anatenga kalilole n'kumuika pamaso pake mwamwano. Bineesh anadziyang'ana. Mapewa anayamba kunjenjemera, mangenjeza a m'miyendo analira okha, ndipo maso aja anasiya kumudziwa Pavithran. Zimenezi zinkachitika tsiku lililonse, koteronso sanadabwe nazo.

Tinene zoona, mnyamatayo anavina. Chitsime chinaoneka pansalu, madzi akuda akugwedezeka, iye n'kutulukira mu utsi ngati wabadwa ndi chisoticho. Anthu anakhala chete, ena atagwira pakamwa. Pavithran anaima kumbali, akumva kupuma kwa anthuwo, ndipo kupuma kulikonse kunkamulasa. Pothera pake mkaziyo amazungulira, azungulira, magetsi n'kuzima. Atazima, m'manja munalira ngati mvula pamalata. Pavithran anatenga ambulera yake natulukira khomo la kumbuyo.

Asanamize munthu kuti anaiwala. Sanaiwale. Anati mumtima, akhale nacho chisoticho kanthawi, khosi liwawe, adziwe kuti popanda ine sali kanthu. Zingwe ndi zingwe basi, wina amasula. Foni anaiponya m'thumba itatsekedwa mawu.

Njira ya kwawo inkadutsa pakati pa minda, yamatope, yopanda nyumba mpaka pa kamlatho pomwe pali getsi limodzi ndi kanyumba kogulitsira tiyi. Anayenda motsimphina, akutukwana bondo lake. Kumbuyo ng'oma zinkamvekabe. Anaganiza kuti anthu apempha kuti abwereze, ndipo analavula pansi.

Kenaka achule anasiya kulira. Onse pamodzi.

Sanamve mapazi. Anangozindikira kuti sakuyenda yekha, monga umadziwira kuti munthu waima kumbuyo kwako pamzere. Atacheuka anaona Bineesh, atavala malaya ake oyera ndi nsalu ya m'chiuno, wopanda nsapato, manja atawapinda pachifuwa ngati wozizidwa.

"Wafulumira bwanji?" anatero Pavithran. "Akusambitsa okha alendo akowo?"

"Etta, ndiitaneni."

"Ndikuitane ndiwe galu?"

"Dzina langa lokha. Kunja kuno kukuzizira."

Pavithran anapitiriza kuyenda, winayo pambuyo pake. Atafika pa getsi la pa kamlatho anamuyang'ana chammbali. Nkhope inali yoyera, yosalala. Utoto uja sutero. Umafuna mafuta a kokonati ndi nsalu, kupukuta mpaka khungu kuwawa, ndipo ngakhale utero kufiira kumatsala kuseri kwa makutu mpaka m'mawa. Apa panalibe ngakhale kadontho. Galu wa pa kanyumba ka tiyi, amene ankamudziwa Bineesh bwino lomwe, anakwawira pansi pa benchi akulira chapansipansi. Pavithran anaziona zonsezi. Koma mkwiyo ukadzaza munthu, maso amangoona, mutu osalandira.

"Sindikuliona khomo, Etta. Ndazungulira nyumba yonse. Ndikumva ng'oma koma polowera sindikupapeza."

"Khomo la sitima ulipeza, usadandaule."

"Ku Delhiko sindipita ngati simukufuna. Ndiitaneni basi."

Apo Pavithran anaima. Dzinalo linafika palilime, chifukwa linali lozolowera kutuluka nthawi ngati imeneyi. Akanangolitchula. Koma mawu akuti ngati simukufuna anamupsetsa mtima kuposa zonse. Ndiye kuti tsopano iye wasanduka wochitiridwa chisoni, wolumala woti ana azimusiyira zotsala?

"Dzina lako lili pamakoma onse a m'tauni," anatero. "Pita ukaliwerenge."

"Ndiye ndilowere kuti?"

"Kulikonse. Kwa ine ayi."

Bineesh anatsala pansi pa getsi. Pavithran anawoloka kamlathoko osacheuka, mtima ukugunda ndi kukoma koipa kwa munthu amene wanena chimene wakhala akusunga. Foni inanjenjemera m'thumba. Inali itanjenjemera kale kangapo, koma ulendo uno anaitulutsa. Anali Rejani, mayi woyendetsa magetsi pa gululo.

"Muli kuti inu?" Mawu ake anali osasa. "Mwatisiyira chiyani kuno? Bineesh sakusiya kuvina."

"Usandinamize. Ndili naye pano."

"Muli ndi ndani? Ndikumuona ndi maso angawa. Anthu athawa, oimba ng'oma anataya timitengo kalekale, iye akungozungulira. Mapazi ang'ambika. Amuna awiri amati amugwire, wawaponyera kukhoma. Mfundo zanuzi palibe akuzitha. Bwerani, chonde."

Pavithran anatembenuka. Pansi pa getsi panalibe munthu. Pamatope panali mapazi a munthu mmodzi yekha, lina lozama, lina lokokeka, ake omwe. Ng'oma zimene Rejani ankati zasiya, iye ankazimvabe.

"Bineesh," anatero. Kenaka anakuwa, "Bineesh!"

Achule anayambiranso kulira.

Anathamanga. Munthu amene pokwera masitepe ankagwira khoma, usikuwo anathamanga, kugwa, kudzuka, ambulera kuitaya m'munda. Ankapemphera kwa bambo ake, kwa mayi wa m'chitsime, kwa aliyense womva. Ankaitana dzinalo kumanja ndi kumanzere. Atayandikira nyumba ija ng'oma zinaduka.

M'katimo munali zii. Mipando inali itagwa, nsapato za anthu zili mbwee. Chitsime chinali chikuonekabe pansalu, madzi ake akugwedezeka, chifukwa palibe anakumbukira kuzimitsa. Chisoti chinali pansi, zingwe zitadulidwa. Rejani anali ataima pambali, sizasi ili m'manja.

"Wadula?" anafunsa Pavithran.

"Nanga ndikanatani? Magazi amatsika pachipumi. Womasula anali atapita kokayenda." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nditangodula wangoima, n'kupita yekha kuchipinda."

Bineesh anali atakhala pampando wake, moyang'ana kalilole. Utoto unali utasungunuka ndi thukuta, mangenjeza akali m'miyendo, pansi pali madontho ofiira. Pavithran anagwada ndi bondo lakufalo, n'kuika pakamwa pakhutu pake monga mwa masiku onse.

"Bineesh. Bwerera, Bineesh. Ndi ine."

Mutu unatembenuka pang'onopang'ono. Maso anamuyang'ana nthawi yaitali, maso okalamba, osamudziwa koma osamuopa. Mawu amene anatuluka sanali a mng'ono wake, ndipo Rejani mpaka lero amalumbira kuti anali a mkazi.

"Ine alongo anga anandiponya m'chitsime. Iwe wako wamuponya kuti?"

Amenewo ndi mawu omaliza amene pakamwa paja panatulutsa. Anamutengera kuchipatala chachikulu, madokotala anajambula mutu, anati mwina ndi kutentha ndi kutopa, mwina kamtsempha ka m'mutu. Anabwera naye kunyumba. Amakhala pakhonde pa mayi ake. Ukamupatsa mpunga amadya, ukamugwira dzanja amayenda. Ukamuitana dzina satembenuka, ngati waitana munthu wa nyumba ina. Mayi akewo sanamulankhulenso Pavithran chiyambire tsikulo, ndipo akamuona pageti amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Guleyo sanaonetsedwenso.

Anthu a m'deralo salankhula za kamtsempha. Amanong'onezana kuti mnyamatayo anatsekeredwa kunja kwa thupi lake, anapita kwa munthu yekhayo amene akanamutsegulira, ndipo munthuyo anamuuza kuti apite kulikonse. Akazi opita kokatenga ana kusukulu amafulumira kuti mdima usawapeze pa kamlatho.

Pavithran yekha ndiye amapitako. Dzuwa likangolowa mumamuona akutsimphina m'njira ya m'mindayo, akuitana kumanja ndi kumanzere, mpaka mawu kutha. Wogulitsa tiyi uja akuti masiku ena, achule akakhala chete, kumamveka kuyankha kuchokera m'mpungamo, mawu a munthu wozizidwa akuti Etta. Akuti poyamba ankamveka pafupi, cha pa ngalande pomwepo. Chaka chino amachita kutchera khutu kuti awamve.