Wa Kabaza Amene Anafuna Kukhala Mwini Kampani

Pakhomo pa bambo Tomasi ku Ngauma panalibe chuma chochititsa kaso, koma panali mtendere. Nkhondo itatha, iwo ndi akazi awo, mayi Margarita, anabwerako ku Malawi komwe anathawira, ali chimanjamanja, ndipo analera ana awo awiri ndi fodya, chimanga ndi pemphero. Wamkulu, Tamandani, ankanyamula anthu pa njinga ya kabaza ku Mandimba. Mlongo wake Yolanda anali atangosankhidwa kukaphunzira uphunzitsi ku Cuamba.

Tsiku lina Tamandani akudikira okwera pafupi ndi malire, kunatulukira Carlitos, mnzake wa kusukulu, nsapato zili waliwali.

"Iwe ukadali kupalasa? Taona apa." Anamuonetsa pafoni chithunzi cha galimoto yofiira. "Kampani yopanga galimoto izi ndi yakunja, yaikulu zedi. Ukagula kagawo kake umasanduka mmodzi wa eni ake. Iwo akugulitsa galimoto, iwe ndalama zikuswana uli gone."

"Ine, mwini kampani?"

"Ungotumiza ndalama, mametikali athu omwewa, pa nambala iyi, basi."

Kunyumba nkhaniyo sinakome. "Amene ukufuna kuwatumizira ndalamawo unawaona nkhope?" anafunsa mayi ake.

"Magawo a kampani alipodi, ndinamvapo," anatero bambo Tomasi, "koma amagulidwa kudzera ku banki, masana, munthu akumvetsa. Sunga zako za kabaza ukafunse kumeneko. Usathamange, mwanawe."

"Ndamva," anayankha Tamandani, koma mumtima anati akuluakuluwa ndi achikale.

Fodya atagulitsidwa, bambo Tomasi, amene mwendo unkawavuta, anatuma Tamandani ku Cuamba kukalipira ndalama za sukulu ya Yolanda. Ali mu shapa, minibasi yodzaza anthu ndi matumba, mtima unayamba kumunong'oneza. Sukulu itsegulira patali. Angobwereka pang'ono, zikaswana alipira, zotsalazo agulira amayi malata. Pofika ku Cuamba n'kuti atatumiza zonse pa nambala ija.

"Zayenda bwino, bambo," anatero atabwerera, osaphethira n'komwe.

Pafoni, pa tsamba la kampaniyo, manambala a ndalama zake ankakwera tsiku ndi tsiku. Tamandani analeka kupalasa, kutchalitchi nako anayamba kujomba. Ankangokhala pansi pa mtengo wa mango maso ali pafoni. Koma atafuna kutapa ndalamazo, anthu a pa nambala ija anamuuza kuti ayambe walipira msonkho. Anagulitsa njinga yake n'kutumiza. M'mawa mwake tsambalo linakana kutseguka, nambala ija osagwiranso.

Anathamangira kwa Carlitos ndipo anamupeza atakhala kuseri kwa nyumba, manja ali m'mutu.

"Nanenso andidya," anatero Carlitos. "Ndinagulitsa mbuzi za abambo. Kampani ya galimotoyo sikutidziwa n'komwe, akuba aja amangogwiritsa dzina lake. Nsapato zija ndinachita kubwereka."

Tsiku lotsegulira sukulu linafika. Amayi a m'mudzi anaperekeza Yolanda ndi nthungululu mpaka kumsewu. Tamandani anali pomwepo, naye n'kumutsanzika ngati zonse zili bwino. Shapa itanyamuka, iye analowera ku Mandimba wapansi, maganizo ali oti awoloke malire akasowere ku Malawi. Anazungulira pamsika tsiku lonse, miyendo ikukana kuwoloka.

Dzuwa litapendeka, shapa yochokera ku Cuamba inaima, ndipo munatsika Yolanda, chikwama chili pamutu, maso atatupa.

"Achimwene, mwachita bwino kupezeka pano!" anatero. "Akuti palibe amene anandilipirira. Ayenera kuti analakwitsa polemba. Mawa tipitire limodzi mukawakumbutse, inu akakudziwani."

Mwanayo sanamukayikire ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinamulasa Tamandani kuposa chitonzo chilichonse. Anagwada pafumbi pomwepo, anzake a kabaza akuona.

"Sanalakwitse, mlongo wanga. Wakuba ndine."

Kunyumba anaulula zonse osabisa kanthu. Mayi Margarita analira. Bambo Tomasi anati, "Fodya tidzalimanso. Chandipweteka n'choti unandiyang'ana m'maso n'kunama, n'kusiya mlongo wako akachite manyazi pakati pa anthu. Komabe wabwera wekha. Dzuka, ntchito ilipo."

Akuluakulu a sukulu atamva nkhani yonse anavomera kusunga malo a Yolanda mpaka chaka chotsatira. Tamandani anagwira khasu m'munda wa fodya, ndipo m'chilimwe anasenza matumba pa siteshoni ya sitima ku Cuamba mpaka mapewa ananyuka. Yolanda anatha miyezi osamuyankhula. Tsiku lina masana anangomubweretsera madzi kumunda n'kukhala naye pamzere, ndipo Tamandani anadziwa kuti wakhululukidwa. Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi n'kufotokozera achinyamata anzake momwe anagwera, ndipo angapo amene anali pafupi kutumiza ndalama anabweza dzanja.

Chaka chitatha Yolanda analowa sukulu, ndalama zake atalipira ndi thukuta la mchimwene wake. Lero akuphunzitsa ana ku Lúrio.

Wachinyamata iwe, kufuna kutukuka si tchimo, ngakhale kugula magawo a kampani mwa njira yake si tchimo. Tchimo la Tamandani linali dyera, limene linabala kuba, kuba n'kubala bodza. Chimene wasungitsidwa si chako, usachikhudze ngakhale mtima ukuuze kuti ukungobwereka. Ndipo ngati wagwa kale, usathawe. Bwerera kwanu ukanene zoona, pakuti Mulungu amadzutsa munthu amene wavomera kulakwa kwake.