Akakombo a Felista Angogona

Felista ankakhala m'mudzi wina ku Kachebere. Iye ankakonda maluwa. Ankafuna maluwa akeake pakhomo.

Tsiku lina kunabwera azakhali ake, a Esther, ochokera ku Chipata. Anamasula mfundo ya chitenje chawo. Munali timitu tonga anyezi.

"Uyu si anyezi, Felista," anatero azakhali. "Ndi mitu ya akakombo. Sadyedwa ayi. Ndi odzala."

Felista anaunda kamzere kuseri kwa nyumba. Anadzala mituyo pamwamba pa mzere, kuti madzi asamaime. Ankathirira pang'onopang'ono. Ankazula udzu. Masamba anatuluka, aatali, obiriwira. Koma duwa silinatuluke chaka chimenecho.

Kenako inafika nyengo yotentha. Dzuwa linaswa mtengo. Masamba anachita chikasu. Anafota. Anauma. Pamzere panangotsala fumbi.

Abambo a Felista, a Maliko, anali munthu wabwino. Koma khasu lawo silinkadziwa kupuma. Likaona malo opanda mbewu, linkayabwa.

M'mawa wina anafika nalo kuseri kwa nyumba.

"Felista, maluwa ako afa," anatero. "Pano ndidzalapo nyemba."

Felista anathamangira komweko. Anachita mantha. Koma anaima patsogolo pa mzere wake.

"Ababa, sanafe. Angogona."

A Maliko anaseka. "Mbewu imagona ngati munthu? Chimanga chikauma, ndiye kuti chatha."

"Awa si chimanga, ababa. Taonani."

Felista anagwada. Anafukula dothi ndi zala, mosamala. Anafukula, anafukula. Mutu umodzi unaonekera. Unali woyera. Unali wonenepa.

"Taugwirani, ababa."

A Maliko anaudina ndi chala.

"Ndi wolimba," anatero.

"Wakufa umaola," anatero Felista. "Uwu sunaole. Wangogona."

Amayi ake anali pafupi, akusenda mtedza. "Bambo a Felista, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

A Maliko anakanda kumutu. "Chabwino. Ndidikira mpaka mvula yodzalira. Ngati sipadzaoneka kanthu, nyemba zidzalowa."

"Padzaoneka kanthu, ababa," anatero Felista.

Anakwiriranso mutu uja. Anapempha makoko a mtedza kwa amayi ake. Anawayala pamzere, kuti dothi lisatenthe. Nkhuku zinabwera kudzapalasa. Felista anatchinga mzere ndi minga. Nkhuku zinabwerera zikudandaula.

M'mawa uliwonse Felista ankasuzumira. Panalibe kanthu. Madzulo ankasuzumiranso. Panalibe kanthu.

A Maliko akamadutsa ankafunsa, "Adzuka alendo ako?"

"Sanadzuke, ababa. Koma sanafe. Angogona."

Ndiye kunagwa chizimalupsa, kamvula koyamba kozimitsa moto wa m'tchire. Dothi linanunkhira. Ana anavina pabwalo. Felista anathamangira kumzere. Panalibe kanthu.

A Maliko anayamba kunola khasu. Kwe, kwe, kwe. Felista anamva. Sizinamusangalatse ngakhale pang'ono. Koma sanalire. Iye ankadziwa zimene anagwira ndi zala zake.

Mitambo inayamba kusonkhana kumapiri. Mvula yodzalira inali pafupi.

M'mawa wina Felista anasuntha makoko pang'ono. Pansi panali kansonga kobiriwira. Pafupi panali kena. Ndi kenanso.

"Ababa, bwerani! Adzuka!"

A Maliko anabwera ndi khasu paphewa. Anawerama. Anayang'ana, anayang'ananso. Kenako anatsamiritsa khasu kukhoma.

Tinsonga tija tinakula. Tinasanduka mapesi aatali. Pamwamba panatupa. Ndipo tsiku lina maluwa anatseguka. Anali aakulu. Anali oyera, a mizere yofiirira. Njuchi zinabwera. Anthu opita kuchigayo ankaima n'kuyang'ana.

Felista anakondwa kwambiri. Amayi ake anakondwa. A Maliko ankangozungulira mzerewo, manja ali kumbuyo.

"Unanena zoona, mwana wanga," anatero. "Ndikanawakumba ali m'tulo."

"Azakhali anati mituyi imaswana, ababa. Chaka chamawa idzachuluka. Mzere umodzi sudzakwana."

A Maliko anakatenga khasu lawo. Anaima pambali pa mwana wawo.

"Ndiuze, Felista," anatero. "Mzere wachiwiri ndiunde pati?"

Felista analoza ndi chala. Abambo ake anayamba kulima pomwepo.