Bulangete la Malemu a Fanwell

Motoka ya a Fanwell ndinaigula mu 1994, eni ake ali chigonere pamphasa, manda asanakumbidwe n'komwe. Amayi amasiye ankafuna ichoke abale a mwamuna asanailande, ndipo munthu wolira sakangana pa mtengo. Pampando panali bulangete lochindikala lochokera ku migodi, limene malemu ankafunditsa injini usiku. Amayiwo anati n'lokaika m'bokosi. Ine ndinati popanda mbasela sindigula. Analisiya.

Motokayo inali yakale, koma yopanda kabureta. Petulo ankamugawa ndi kabokosi ka magetsi, komvera kachitsulo koyeza kutentha kwa injini. Kachitsuloko kanali katafa: kankanama kuti injini yatentha ngakhale m'chisanu cha Juni, ndiye m'mawa motoka inkangotsokomola. Umakaniko ndinadziphunzitsa ndekha pophwasula zinthu za anthu. Ndinazula kachipangizo m'wailesi yakufa, n'kulumikiza ndi swichi. Ukakweza swichi, kabokosi kakhulupirira kuti kwazizira, kathira petulo wambiri. Injini ikafunda, watsitsa. Bodza linachiza bodza linzake, ndipo kwathu ku Zemba konse ananditama.

Madzulo ena a Juni, ndikutsekera nkhuku, mkazi wanga Dailesi anayamba kumva kupweteka. Azamba atamuona anati mwana wagona mopingasa, tithamange naye ku chipatala ku Chadiza. Tinamufunditsa bulangete lija pampando wakumbuyo, apongozi atamugwira mutu.

Titatsikira m'dambo, injini inazima.

Ndinakweza swichi. Zii. Ndinatsitsa. Zii. Ndinatsegula boneti, n'kugwira injini ndi nsalu poopa kupsa. Inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje, pomwe tinali titayenda mtunda wonse uja.

Ndili chiweramire, ndinaona manja ena awiri mbali inayo. Anali atatambasulidwa pamwamba pa injini, monga munthu wothera moto. Mwini wake anali wamtali, wovala jekete, wopanda chofunda, mano akugundana. Nkhope sindinaiyang'ane. Wotchi ya pamkono ndinaidziwa. Nayonso ndinali nditaipempha tsiku logula motoka lija, amayi amasiye anandikaniza.

Ndinabwerera m'motoka. Ndinapotoza kiyi mpaka magetsi anayamba kufiira. Injini ikati igwire, manja aja ankatsika pang'ono, iyo n'kufa. Dailesi anali atasiya kubuula, ndipo kukhala chete kwakeko kunandiopsa kuposa munthu wa panja.

Ine ndinagulapo ng'ombe pa mtengo wa mbuzi, koma uyu anali wina. Ndikanamuuza chiyani? Wakufa sachotsera mtengo.

Apongozi, amene chikwatirire sanandilankhulepo maso ndi maso, anati chapansipansi: "Atate, abwezereni chawo."

"Nanga wodwalayu afunda chiyani?"

"Abwezereni."

Anamuvula mwana wawo bulangete, akunjenjemera choncho, n'kumukutira ndi chitenje chawo. Ndinaliponya pawindo. Sindinamve likugwa pansi.

Motoka inalira kamodzi, swichi ili pakati, pamene siinalirepo chikhalire.

Mwana anabadwa kukucha, wamoyo, amake nawonso. Anamwino anati tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina. Anadabwa chinthu chimodzi: mapazi a mwanayo anakana kufunda, ngakhale anawakulunga katatu.

Kumudzi amanong'onezana kuti bulangete linapezeka pamanda a a Fanwell, litapindidwa bwinobwino. Ine sindinapite kukaona. Mwana uja, Luka, tsopano ali pasukulu, ndipo amagona ndi masokosi ngakhale mu Okutobala. Akandifunsa chifukwa chake, ndimati anatengera kwa amake.