Ganyu Wopanda Mwini Munda

Kuseri kwa msika wa Nambuma, ukadutsa chigayo n'kutsetserekera kudambo, kudali nyumba ya a Obadiya, mkulu wa mpingo. Idali nyumba yamalata, chigafa cha fodya chili kumbuyo. M'mawa uliwonse, khasu lisanakhudze dothi, banjali linkayamba laimba nyimbo imodzi ndi kupemphera. Akazi awo, mayi Mirriam, adali mlembi wa amayi a Chigwirizano. Anthu ankawakhulupirira kwambiri, moti mayi akakhala ndi kanthu kamene sakufuna kuti mwamuna wake woledzera akaone, ankakasungitsa kwa iwo.

Mwana wawo womaliza, Lidiya, adali atangolemba mayeso a Fomu 4 ndipo ankafunitsitsa kudzakhala mphunzitsi. Koma zotsatira zinkachedwa. Chimanga chidali m'nkhokwe, fodya atagulitsidwa, mtedza utasendedwa. Akatunga madzi ndi kusesa pabwalo, tsiku lonse linkamutsalira m'manja. Ankangokhala pansi pa mtengo wa mango, maso pa foni imene mlongo wake wa ku Njewa adamusiyira.

"Kudimba kukufunika manja, mwanawe," adatero bambo ake tsiku lina. "Tomato akufota."

"Ndibwera dzuwa likapepa, bambo."

Dzuwa lidapepa, koma Lidiya sadapite.

Tsiku la msika adakumana ndi Nancy, mnzake wa kusukulu amene ankaluka tsitsi pakhonde la golosale. Nancy adali atavala nsapato zatsopano.

"Iwe, wazipeza kuti zimenezi?" adafunsa Lidiya. "Kapena wapeza chidyamakanda eti?"

"Chidyamakanda cha chiyani? Ndili pantchito ine. Ntchito ya pa foni. Umagwira uli kwanu, nthawi imene wafuna, ngakhale utagona chagada. Bwana wake ndi a Eric a m'tauni. Iwe ndi Chingerezi chakocho ungomera mizu pansi pa mango? Bweretsa foniyo ndikulumikize."

Madzulo ake a Eric adaimba. Mawu awo adali ofewa ngati a munthu wowerenga nkhani pa wailesi. Adati ali ndi bungwe lothandiza amayi akumudzi, ndipo akufuna mtsikana wanzeru woti aziwalembera mayina a midzi, a zigayo ndi a mijigo ya m'deralo. Lidiya adalemba zimenezo kwa masiku atatu. Tsiku lachinayi foni idalira, ndalama zitalowa. Adathamangira kumsika, nagulira mayi ake shuga ndi sopo.

Mayi ake adasangalala, koma a Obadiya adauyang'ana shugayo nthawi yaitali.

"Wati ndi ganyu?"

"Ee, bambo. Ganyu wa pa foni."

"Ine ganyu ndamugwira kuyambira ndili wamng'ono. Mwini munda amabwera yekha, amakuyezera ndime ndi mapazi ake, iwe ukumuona. Ukamaliza amabwera kudzayendera mizere. Tsono uyu wakulemba iweyu, nkhope yake unaiona? Munda wake uli kuti?"

"Bambo, masiku ano zinthu zinasintha."

"Zinasintha, inde. Koma munthu wobisa nkhope amakhala ali ndi chifukwa. Chikomekome cha mkuyu, mwanawe, m'kati muli nyerere."

Lidiya adangoti zikomo, mumtima akuti akuluakulu saona patali.

Sabata yotsatira a Eric adaimbanso. "Lidiya, ntchito yako yasangalatsa mabwana. Tsopano tikukweza. Tikufuna kulembetsa amayi oti alandire thandizo. Uzingojambula chiphaso cha unzika, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutumiza. Chiphaso chilichonse chili ndi malipiro ake."

"Ndiyambe ndawapempha eni ake?"

"Ayi, usawauze. Ukauza mmodzi, mudzi wonse ukhamukira kwanu, ndipo osalandira adzakuda. Zidzangowadzidzimutsa."

Lidiya adazengereza. "Koma kutenga chinthu cha munthu asakudziwa, si kuba kumeneko?"

A Eric adaseka. "Kuba? Ukutenga chiyani? Chiphasocho chikhala pomwe chili. Kodi ukajambula ng'ombe ya munthu, m'khola mwake mumachepa ng'ombe?"

Mawu amenewa adamukhazika mtima pansi, chifukwa ziphaso ankadziwa kumene zili. Mwezi umenewo amayi a Chigwirizano adali atapanga kalabu yogulira feteleza pamodzi, ndipo onse adasiya ziphaso zawo kwa mlembi kuti alembe manambala pafomu. Mayi Mirriam adaziika m'chitini cha mabisiketi, n'kuchibisa m'sutikesi pansi pa yunifomu yawo. Popeza maso awo adali atayamba kuchita chidima, Lidiya ndiye ankawawerengera manambala iwo akulemba.

Tsiku limene ankalemba fomuyo, mayi ake adamuona akuchiyang'anitsitsa chitinicho.

"Chitini ichi si changa, Lidiya. Muli mayina a anthu umu. Ngakhale bambo ako sachitsegula."

"Ndamva, amayi."

Lachiwiri makolo ake adapita kumaliro kutsidya kwa dambo. Dzuwa lili paliwombo, Lidiya adatseka chitseko, nakoka sutikesi ija. Adatsegula chitini, nayamba kujambula. Adayamba ndi chiphaso cha mayi ake, poganiza kuti cha mayi ako si cha mwini. Kenako cha gogo Regina, amene ankayenda ndi ndodo. Kenako china, kenako china, mpaka chitini chonse. Nkhuku itakanda chitseko adadzidzimuka, foni n'kugwa pansi. Atatumiza zithunzizo, adabwezera zonse mmene zidaliri, napinda yunifomu bwinobwino.

Madzulo mayi ake adatsegula chitini kuti aikemo fomu, naona kuti zonse zilimo. Lidiya adapumira m'mwamba. Palibe chimene chasowa, adadziuza yekha.

Ndalama zidalowa zambiri kuposa poyamba, koma ulendo uno sadagule shuga. Ankaopa funso la bambo ake. Adadikira kuti thandizo la amayi lifike. Padapita sabata zitatu, kenako zisanu, kuli zii. Akafunsa, a Eric ankangoti mabwana ali kunja.

Lachinayi lina amayi a Chigwirizano adasonkhana kutchalitchi, Lidiya akuthandiza kusesa panja. Galimoto ya apolisi idaima pafupi ndi belu. Nyimbo idadukira pakati.

"Mirriam ndi ndani pano?" adafunsa wapolisi wamkazi ali pakhomo.

"Ndine, mwanangu. Kwagwanji?"

"Tiyeni mukafotokoze kupolisi. Nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina lanu yakhala ikubera anthu."

"Foni? Ine foni yanga ndi iyi, yomanga ndi mphira. Ngakhale uthenga sinditha kulemba."

"Mukanena komweko, mayi."

Mayi Mirriam adakwera galimoto ali m'bulauzi yoyera ndi duku loyera. Lidiya adaima ndi tsache m'manja. Mayi ake adamuyang'ana kamodzi kokha, galimoto n'kunyamuka.

Lidiya adathamangira kwawo, kuseri kwa chigafa, naimbira a Eric. Ulendo uno mawu aja sadali a pa wailesi.

"Tamvera iwe. Zithunzi zija zinachoka pa foni ya ndani? Ndalama zinalowa kwa ndani? Ine sundidziwa, ndipo dzina langa si Eric. Ukatsegula pakamwa, wolowa ndende ndiwe, zaka zosachepera zisanu. Kwanu ndikukudziwanso, unandilembera wekha mudzi ndi mjigo womwe. Khala chete."

Foni idaduka. Ataimbanso, nambala sinkapezeka. Adathamangira kwa Nancy, koma Nancy adapitiriza kuluka tsitsi osatukula mutu.

"Ine ndinangokupatsa nambala. Za ziphaso sindikuzidziwa. Usanditchule, wamva?"

Masiku awiri Lidiya sadadye. Njinga yamoto ikadutsa pamsewu, ankadzidzimuka, akuganiza kuti ndi munthu uja kapena apolisi. Bambo ake ankayesa kuti ndi chisoni chabe, ndipo ankamusisita pamutu. "Limba mtima, mwanawe. Mulungu aulula amene wachita zimenezi." Mawu amenewo ndiwo ankamuopsa koposa.

Loweruka adapita ndi bambo ake kukapereka chakudya kupolisi. Pabenchi panja padakhala bambo wina wa ku Kabudula, wovala jekete yong'ambika pamapewa. Atamva kuti awa ndi a pabanja pa Mirriam, adaimirira.

"Ndinu inu? Anandiimbira pa nambala ya mkazi wanu kuti mwana wanga wagundidwa ndi galimoto kusukulu, akufunika magazi msanga. Ndinagulitsa ng'ombe zanga ziwiri za ngolo tsiku lomwelo, pamtengo wa mbuzi! Ndikufika kusukulu, mwana ali m'kalasi akulemba. Chaka chino ndilima ndi chiyani? Mkazi wovala zoyera, woimba nyimbo za Mulungu!"

A Obadiya adavula chipewa. Lidiya adaona misozi ikutsika m'masaya a bambo ake, chinthu chimene adali asanachionepo.

Apolisi adawalola kuona mayi Mirriam kwa kanthawi. Duku lija lidali litada, maso atatupa. Iwo adapempha amuna awo kuti akawagulire mankhwala a mutu, ndipo atatsala awiri adagwira dzanja la Lidiya.

"Apolisi akuti manambala a foni olembetsedwa m'mayina a amayi a m'kalabu ndi ambiri. Lolemba akukatenga gogo Regina, kenako ena onse. Andifunsa kuti ziphaso zinkasungidwa ndi ndani. Ndayankha kuti ndi ine."

Lidiya adayang'ana pansi.

"Andifunsanso ngati pali wina amene ankadziwa pamene pali chitini. Ndati palibe." Mawu awo adatsika. "Yunifomu ija ndimaipinda manja ali m'kati, Lidiya. Tsiku la maliro lija ndinaipeza manja ali kunja. Ndinadziuza kuti ndakalamba, ndayamba kuiwala."

"Amayi..."

"Khala chete. Lolemba ndivomera mlandu, kuti gogo Regina asagone pasimenti pano. Ine zaka zanga zapita. Iwe uli ndi sukulu."

"Koma sindinabe kanthu, amayi! Zonse zinali momwemo, munaona nokha!"

Mayi ake adamuyang'ana mwachifundo. "Makadi anali momwemo, inde. Nanga mayina athu anali kuti? Dzina langa linali ku Kabudula, likulanda ng'ombe za munthu."

Wapolisi adagogoda pachitseko kuti nthawi yatha. Lidiya adatuluka, nafika pabwalo pamene bambo ake ankabwera ndi mankhwala. Msewu wopita kwawo udali pomwepo, ndipo palibe akadamuletsa. Adaganiza za ndende, za munthu wopanda nkhope uja, za sukulu ya uphunzitsi. Mantha adamugwira. Kenako adaganiza za mayi ake ataima pamaso pa woweruza, akuvomera mlandu umene sadapalamule chifukwa cha iye.

Adagwada pafumbi patsogolo pa bambo ake, anthu onse akuona.

"Bambo, ndine. Ndinajambula ziphaso zonse. Amayi alibe mlandu."

Mankhwala adagwa m'manja mwa a Obadiya. Kenako adawerama, namugwira dzanja.

"Wandipha, mwanawe. Koma dzuka. Tilowa limodzi, ukanene wekha. Sindikusiya."

Lidiya adapereka foni yake, nafotokoza zonse kuyambira tsiku la msika. Mayi Mirriam adatuluka madzulo omwewo, ndipo gogo Regina sadatengedwe. Nancy adathawira kwa azakhali ake, koma apolisi adakamugwira komweko. Munthu wodzitcha Eric sadapezeke. Lidiya adagona m'chitokosi sabata ziwiri. Woweruza, poona kuti adadzipereka yekha ndipo kadali koyamba, sadamutumize kundende, koma adamulamula kugwira ntchito yosalipidwa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ankasesa ndi kutchetcha pamsika, anzake a kusukulu akudutsa n'kumamuloza.

Zotsatira za mayeso zidatuluka ali ndi chikwakwa m'manja. Adakhoza bwino, koma chaka chimenecho malo a uphunzitsi adamudutsa. Mayi ake adatula pansi ulembi, chifukwa amayi ena sankafunanso kuwasungitsa kanthu. A Obadiya adagulitsa ng'ombe yawo imodzi yokhayo n'kukapepesa ndi ndalamazo kwa bambo wa ku Kabudula, ngakhale khoti silidawalamule. Lidiya adaimitsidwa kumpingo, ndipo adayenda khomo ndi khomo kupepesa amayi onse a m'kalabu. Ena adamulandira, ena adamutsekera chitseko. Gogo Regina adamumvetsera mpaka kumapeto, nati, "Wachita bwino kubwera ndi miyendo yako. Chaka chamawa ukayeserenso sukuluyo."

Inu achinyamata amene muli ndi foni m'manja ndi nthawi yambiri yosowa chochita, mverani. Kufuna ntchito si tchimo, ndipo ntchito zoona za pa foni zilipo. Koma wina akakulembani ntchito n'kukuuzani kuti musauze makolo anu, kapena akafuna chiphaso cha munthu mwini wake asakudziwa, ameneyo ndi mbala, ndipo akufuna kuti mumubere ndinu. Tsiku la mlandu iye sadzaoneka. Adzagwidwa ndi amene amakukondani. Lidiya adapulumutsa mayi ake kutangotsala masiku awiri. Musadikire kuti mufike pamenepo. Kanani lero, ndipo ngati mwayamba kale, kauzeni makolo anu dzuwa lisanalowe.