Chala cha Achimwene

Ntchito ya mayiyu inali yotopetsa koma yosavuta. Madzulo alionse asanaweruke ankalamula kompyuta kuti iyerekeze matebulo awiri a mayina, la anthu osowa ndi la mitembo yopanda abale yomwe ili kumochale. Ankafuna chinthu chimodzi basi: chidindo cha chala chopezeka mbali zonse ziwiri. Nthawi zambiri kompyutayo inkang'ung'udza pang'ono osapeza kanthu, iye n'kunyamula chikwama chake.

Lolemba, anzake atapita ndipo magetsi a m'khonde atazima, panatuluka mzere umodzi. Dzina la pamzerepo linali la mlongo wake.

Anaseka, kuseka kwa munthu wotopa. Mlongo wakeyo anasowadi kwa miyezi, koma anali atabwerera sabata yapitayo, ataonda, nsapato zili m'manja. Mayiyu anangoiwala kumufufuta patebulo la osowa. Komabe kuiwalako sikukanaika chala cha munthu wamoyo kumochale.

Mawa lake analembanso lamulolo mosamala, chilembo ndi chilembo. Mzere womwewo unatulukanso. Lachitatu anagwira mkono mnzake wa desiki loyandikana, munthu wokonda kuseka aliyense wokamba za mizimu, n'kumuonetsa mzerewo. Ulendo uno sanaseke.

"Mwina akumochale analowetsa molakwika," mnzakeyo ananong'ona.

"Chala chimalakwika?"

"Nanga achimwene akowo kunyumbako akudya?"

Chibwerereni achimwene, mbale yawo inkabwerera kukhitchini osaikhudza, ndipo galu amene anamulera okha anasamukira kuseri kwa nyumba.

Lachinayi, mu ofesi muli zii, mpope wa kubafa ukudontha mumdima, anatsegula mzerewo kuti awerenge zonse. Mtembo unalandiridwa tsiku lomwe achimwene anafika kunyumba. Unali ndi chipsera pabondo lamanzere, chija achimwene anachitenga atagwa panjinga ali mwana. Malo a dzina la wodzatenga mtembo anali opanda kanthu.

Anaimbira mayi ake.

"Amayi, achimwene ali pomwepo?"

"Ali pakhomo pano, sanasunthe chichokereni iwe. Akungofunsa kuti ubwera liti kudzawatenga. Ine ndawafunsa kuti kukutengani kupita kuti, kwanu si kuno? Angondiyang'ana."

Mantha anali nawo, koma kutopa kunaposa mantha. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana malo opanda kanthu aja.

"Auzeni ndibwera mawa m'mawa," anatero. "Auzeni apume."

Kenako anakoka mpando n'kulemba dzina lake pamalo a wodzatenga mtembo paja.